“Akuti inflation yatsika, nanga buledi mwakwezeranji?”

Funso la lero lachokera kwa wophunzira wina wa ku Blantyre amene akuchita maphunziro a zofalitsa mauthenga, ndipo pakadali pano akuphunzira ntchito pa kampani ina yophika buledi. Mwachidule akuti: “Abwana anandiuza kuti ndilembe chidziwitso chokweza mtengo wa buledi. Nditachiika pa Facebook, anthu anatinena kuti ndife akuba, poti wailesi yalengeza kuti inflation yatsika. Ndinasowa choyankha. Kusukulu phunziro la zachuma ndinkangoliona ngati la anzathu owerengera ndalama. Kodi munthu wa ntchito ngati yanga ayenera kudziwa ziti kwenikweni?”

Zikomo pofunsa. Anthu amene anakukalipiraniwo anamva bwino pa wailesi, kungoti chimene anamvacho sichitanthauza zimene iwo akuganiza. Tiyambire pomwepo, chifukwa pafupifupi zonse zimene mukufunika kudziwa zili mkati mwa buledi yemweyo.

Mwezi uliwonse ofesi ya boma yoona za chiwerengero, National Statistical Office ya ku Zomba, imasonkhanitsa mitengo ya zinthu zimene mabanja amagula tsiku ndi tsiku: chimanga, nyemba, nsomba, sopo, makala, lendi ya nyumba, thiransipoti ndi zina zambiri. Ikaphatikiza, imayerekeza ndi mitengo ya zinthu zomwezo mwezi ngati womwewo chaka chatha. Nambala imene imatulukayo ndiyo inflation imene mumaimva pa wailesi. Nambalayo siuza munthu kuti zinthu zili pa mtengo wanji. Imangonena kuti mitengo ikukwera mothamanga bwanji. Mu Januwale 2024 inali pa 35 peresenti, ndipo pofika Disembala chaka chomwecho inali cha m’ma 28. Amene analemba kuti yatsika sananame. Koma tiyerekeze kuti katundu wa m’nyumba amene munkagula K10,000 wakwera ndi 35 peresenti chaka chimodzi. Wafika pa K13,500. Chaka chotsatira wakwera ndi 28 peresenti. Wafika pa K17,280. Taonani bwino apa: chaka choyamba munaonjezera K3,500, chaka chachiwiri mwaonjezera K3,780. Mlingo watsika, koma m’thumba mwatuluka ndalama zambiri kuposa kale. Zili ngati mwana amene wafika zaka 16: sakukulanso msanga ngati mmene ankakulira ali wakhanda, koma sanafupike, ndipo malaya a chaka chatha samukwanabe.

Kuti mitengo itsike ndithu, nambala ija iyenera kupita pansi pa ziro, ndipo zimenezo sizichitikachitika m’dziko lathu. Ili ndi yankho loyamba limene munafunika kukhala nalo pa Facebook paja, ndipo likanakwana m’mizere iwiri.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. M’kawerengedwe kameneka zinthu sizilemera mofanana. Chakudya chimatenga gawo loposa theka, ndipo m’chakudyamo mfumu ndi chimanga. Anthu akakolola mu Epulo ndi Meyi, chimanga chikachuluka pamsika, nambala yonse imatha kutsika ngakhale dizilo, sopo ndi ufa wa tirigu zikupitirira kukwera. N’chifukwa chake ofesi ya ku Zomba imatulutsa nambala ya zakudya payokha ndi ya zinthu zina payokha. Mukamawerenga, musamathere pa nambala ya pamwamba imene yalembedwa m’zilembo zazikulu. Kampani yanu siphika buledi ndi mgaiwa.

Pa chimanga pomwepa ndi pamene pali phunziro limene mabuku onse a zachuma amayambira, loti mtengo umabadwa pamene kuchuluka kwa katundu kwakumana ndi kuchuluka kwa omufuna. Simufunika kulijambula pa bolodi chifukwa mumaliona chaka ndi chaka. Nthawi yokolola wogulitsa ndi aliyense, ogula ndi mavenda ochepa, mtengo umagwa. Pofika Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zauma, ogula ndi aliyense, mtengo umauluka. Mu 2024, mvula itavuta chifukwa cha El Niño, boma linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi ya njala, ndipo mitengo inayamba kuvuta anthu asanafike n’komwe pa nyengo ya njala imene tinaizolowera. Wolemba amene amadziwa zimenezi sathamangira kulemba kuti mavenda ndi ankhanza asanafunse kuti pamsika pali matumba angati. Nthawi zina nkhanza zimakhalapodi, anthu amabisa katundu kudikira kuti akwere. Koma muyenera kudziwa kusiyanitsa ziwirizi musanaloze munthu chala.

Tsopano tibwere pa ndalama zakunja, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani ya buledi wanu. Tirigu amene timadya kuno pafupifupi yense amachokera kunja. Amagulidwa ndi madola, amatsikira pa madoko a Nacala, Beira kapena Dar es Salaam, kenako amayenda ulendo wautali pa sitima ya pamtunda kapena pa mathiraki amene akumwa dizilo wogulidwanso ndi madola. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, mitengo ya tirigu, feteleza ndi mafuta ophikira inakwera padziko lonse, poti mayiko awiriwa ndi ena mwa amene amagulitsa kwambiri zinthuzi. Ife madola timawapeza makamaka ku fodya, amene amagulitsidwa kwa miyezi yochepa chabe pa misika ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu, kuonjezerapo tiyi, shuga, mbewu za nyemba ndi thandizo la mayiko ena. Zimene timagula kunja n’zambiri kuposa zimene timagulitsako. Choncho madola amasowa, ndipo chosowa chimakwera mtengo, monga chimanga cha mu Febuluwale.

Apa ndikufuna mukhale tcheru, chifukwa ndi pamene ngakhale olemba akale amapunthwa. Mu Novembala 2023 banki yaikulu, Reserve Bank of Malawi, inasintha mtengo wa dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Paliponse panamveka kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Tengani foni yanu muwerengere. K1,700 kuchotsa K1,180 ndi K520, ndipo K520 ndi 44 peresenti ya K1,180. Ndiye kuti chimene chinakwera ndi 44 peresenti ndi mtengo wa dola. Koma munthu amene anali ndi K1,180 m’thumba, amene dzulo lake akanagula dola yathunthu, tsopano akanagula masenti 69 okha. Ndalama yake inataya pafupifupi 31 peresenti ya mphamvu zake. Nambala zonse ziwiri n’zoona, koma zikuyankha mafunso osiyana. Kwa kampani yanu, imene imalipira ufa wogulidwa ndi madola, yofunika ndi 44. Kwa munthu amene anasunga ndalama zake kubanki n’cholinga chokagula katundu ku Johannesburg, yomufotokozera bwino ndi 31. Zomwezi zinachitika mu Meyi 2012, dola itachoka cha m’ma K168 kufika pa K250: ena analemba 49 peresenti, ena analemba gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo owerenga ankaona ngati wina akunama. Chizolowezi chimene ndikufuna mukhale nacho n’chakuti mukaona peresenti, muzifunsa kuti: peresenti ya chiyani, kuyerekeza ndi liti?

Musaiwalenso kuti mtengo wa dola umene banki yaikulu yalengeza si umene wamalonda aliyense amaupeza. Madola akasowa m’mabanki, ena amakawagula kwa mavenda pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo mtengo umenewo ndi umene umalowa m’katundu wa m’sitolo. Komabe pa chidziwitso cha kampani musalembe chilichonse chosonyeza kuti kampani yanu imagula madola kumeneko. Kugula madola kwa mavenda ndi mlandu.

Funso lomwe lija, loti peresenti ya chiyani, limagwiranso ntchito pa chiwongoladzanja. Mu Febuluwale 2024 banki yaikulu inakweza mlingo wake wa chiwongoladzanja kuchoka pa 24 kufika pa 26 peresenti. Kumeneko n’kukwera ndi mapointi awiri, osati ndi 2 peresenti. Mukawerengera, 2 pa 24 ndi pafupifupi 8 peresenti. Banki yaikulu imachita zimenezi pofuna kuti ngongole idule, anthu abwereke pang’ono, ndalama zoyenda m’manja mwa anthu zichepe, mitengo ichepetse liwiro. Mabanki amene inu ndi ine timapitako amabwereketsa pamwamba pa mlingo umenewo. Ngati kampani yanu inagula uvuni kapena galimoto yoperekera buledi pa ngongole, chiwongoladzanjacho chili m’buledi aliyense. Ine ndimaona kuti mankhwala amenewa sagwira mokwanira kuno kwathu, poti kukwera kwa mitengo kwathu kumachokera kwambiri ku kusowa kwa chimanga ndi madola, zinthu zimene chiwongoladzanja sichingadzale kapena kukolola, komanso boma lenilenilo ndi limene limabwereka kwambiri. Akatswiri ena amatsutsa, ndipo ali ndi mfundo zawo. Inu ntchito yanu pakadali pano n’kudziwa chimene banki ikuyesa kuchita kuti muchifotokoze molondola.

Tilowe m’mabuku a kampani. Pali zinthu zitatu zimene anthu amazisakaniza: ndalama zimene zalowa pogulitsa, phindu, ndi ndalama zimene zilipo m’manja lero. Mayi wa geni ya tomato amazisiyanitsa bwino kuposa ophunzira ambiri a ku koleji. Akagulitsa tomato wa K30,000, amadziwa kuti K22,000 ndi mpamba wokaodera wina mawa, K2,000 ndi ya minibasi ndi chiphaso cha msika, ndipo yake ndi K6,000 yokha. Amadziwanso kuti ngati theka la tomatoyo anthu atenga pa ngongole, phindulo lili m’kope chabe, mawa alephera kukaoda. Makampani ena amene amatseka satseka chifukwa chosapanga phindu. Amatseka chifukwa masitolo amene anawapatsa katundu achedwa kulipira pamene malipiro a antchito ndi bilu ya magetsi sizidikira. Choncho mukamva abwana akunena kuti chaka chino tapanga K500 miliyoni, afunseni mwaulemu kuti akunena ziti mwa zitatuzi. Mukalemba za ndalama zolowa ngati kuti ndi phindu, mawa antchito adzakhala pakhomo kufuna malipiro atsopano, ndipo simudzawaimba mlandu.

Ndalama zimene kampani imawononga zilinso pawiri. Zina zimayenda ndi kuchuluka kwa buledi: ufa, yisiti, shuga, mafuta, mapepala okulungira. Mukaphika wambiri zimakwera, mukasiya kuphika zimatha. Zina zimakhala pomwepo kaya mwaphika kaya ayi: lendi, malipiro a mlonda, ngongole ya kubanki. Ndikupatsani chitsanzo chongopeka kuti muone mmene ziwirizi zimagwirira ntchito limodzi. Tinene kuti buledi mmodzi mumagulitsa K2,000, ndipo zolowa m’buledi ameneyo zimakwana K1,400. Pa lofu iliyonse pamatsala K600. Ngati lendi, malipiro ndi ngongole zimakwana K3 miliyoni pamwezi, muyenera kugulitsa malofu 5,000 kuti mungofika poti simunapindule, simunaluze. Tsopano ufa wakwera, zolowa m’buledi zafika pa K1,700. Pa lofu pakutsala K300 yokha, ndipo kuti mufike pamalo pomwe paja mufunika malofu 10,000. Zolowa zakwera ndi 21 peresenti chabe, koma ntchito yoti mugwire yawirikiza kawiri. Uvuni wake ndi womwewo, ogula ndi omwewo. Kampani ikakweza buledi kufika pa K2,300, yakweza ndi 15 peresenti, ndipo yangobwerera pa K600 yake yakale, imenenso siigula zimene inkagula chaka chatha. Mukamvetsa kawerengedwe aka, chidziwitso chokweza mtengo simuchilembanso mwamanyazi ngati mukupepesa mlandu, komanso simuchilemba mwamwano.

Funso limene abwana anu ayenera kuti sakugona nalo tulo ndi lakuti: tikakweza, ogula athawa angati? Katundu wina anthu amagulabe ngakhale akwere, chifukwa alibe kolowera. Mchere, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, petulo kwa woyendetsa kabaza wa njinga yamoto. Buledi sali m’gulu limenelo. Akadula, tiyi amamwera mbatata, chinangwa, zitumbuwa kapena mandasi, ndipo nthawi ya mbatata ikafika ogulitsa buledi amadziwa okha. Ichi chikukhudza ntchito yanu mwachindunji. Wogula amene ali ndi kolowera mumamulankhula mosiyana ndi amene alibe. Iye safuna kumva kuti kampani ikuvutika, poti nayenso akuvutika. Amafuna kudziwa kuti pa ndalama yakeyo apeza chiyani. Ngati pali lofu yaing’ono yotsika mtengo, imeneyo ndi nkhani yoti ikhale pamwamba.

Kunena za kuvutika kwa wogula, dziwaninso kusiyana kwa malipiro olembedwa pa pepala ndi zimene malipirowo angagule. Wantchito amene amukwezera ndi 15 peresenti m’chaka chimene mitengo yakwera ndi 30 peresenti, walandira makwacha ambiri koma akugula zochepa, pafupifupi 12 peresenti kuchepera chaka chatha. Tsiku lina adzakutumani kulemba kalata yolengeza malipiro atsopano kwa antchito. Mukadzalemba kuti kampani yatukula miyoyo yawo, adzakusekani kuseri. Lembani nambala, nenani kuti mukudziwa mmene zinthu zilili, basi.

Ndiye chidziwitso chija chikanalembedwa bwanji? Sindinachione, koma zambiri zimene ndimaziona zimayamba ndi mawu akuti “chifukwa cha mavuto a zachuma amene dziko lino likukumana nawo”, mawu amene sanena kanthu ndipo anthu anatopa nawo. Pogwiritsa ntchito nambala zongopeka zija, ine ndikanalemba motere:

“Kuyambira Lolemba pa 3, buledi wamkulu akhala pa K2,300 kuchoka pa K2,000. Ufa wa tirigu, umene umachokera kunja, wakwera, ndipo zolowa m’buledi mmodzi zachoka pa K1,400 kufika pa K1,700. Kukula kwa buledi sikusintha. Buledi wamng’ono akhalabe pa mtengo wakale mpaka kumapeto kwa mwezi wamawa. Amene muli ndi mafunso tipezeni pa sitolo yathu iliyonse.”

Muli tsiku, muli mtengo wakale ndi watsopano m’makwacha, muli chifukwa chimodzi chimene munthu angakafufuze yekha kwa ogulitsa ufa, muli chimene sichikusintha. Ndalemba makwacha m’malo mwa peresenti mwadala, chifukwa pa kauntala munthu salipira peresenti. Ndipo wina akabwera ndi funso la wailesi lija, mumuyankhe modekha kuti kutsika kwa nambala imeneyo kukutanthauza kuti mitengo ikukwera pang’onopang’ono kusiyana ndi chaka chatha, osati kuti yabwerera m’mbuyo, ndipo ufa wa tirigu uli m’gulu la zimene zikukwerabe. Koma zoti ufa ukukwerabe muzilembe pokhapokha mwaona malisiti a ufa ndi maso anu.

Pali mawu awiri amene ndikukuchenjezani kuti asadzapezeke m’chidziwitso chanu. Oyamba ndi akuti “tagwirizana ndi anzathu ophika buledi kuti tonse tikweze”. Makampani opikisana kupangana mtengo n’koletsedwa ndi malamulo, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limafufuza ndi kulipiritsa chindapusa pa nkhani zotere. Achiwiri ndi chifukwa chabodza. Ngati kampani yachepetsa kukula kwa buledi mwakachetechete n’kusiya mtengo pomwepo, kumenekonso n’kukweza mtengo, ndipo kulemba kuti “mitengo yathu sinasinthe” n’kusocheretsa ogula. Bungwe lomwelo limalandira madandaulo otere, ndipo a Consumers Association of Malawi sachedwa kuyankhula pa wailesi. Dzina limene lidzakhale pansi pa chidziwitsocho mwina ndi la kampani, koma amene adzaitanidwe mu ofesi kukafotokoza ndi amene analemba.

Mwafunsa zoti mudziwe. Ndikuuzeninso kophunzirira kosalipira. Makampani amene ali pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, monga Illovo Sugar Malawi, National Bank of Malawi, Standard Bank, TNM, Airtel Malawi ndi Press Corporation, amakakamizidwa kusindikiza zotsatira za malonda awo, ndipo mumazipeza m’nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times komanso pa intaneti. Ambiri amadumpha masamba amenewo chifukwa zilembo zake n’zazing’ono. Inu tengani tsamba limodzi, pezani mzere wa ndalama zolowa, pezani wa phindu asanachotse msonkho, pezani wa phindu atachotsa msonkho, muyerekeze ndi chaka chatha. Kenako werengani mawu amene akuluakulu a kampaniyo alemba pamwamba pake, muone nambala imene asankha kuyamba nayo ndi imene aikankhira kumunsi. Pamenepo mudzaona ntchito ya anzanu amene anayamba kale, ndipo mudzayamba kuzindikira pamene phindu “lakwera ndi 20 peresenti” m’chaka chimene mitengo yakwera ndi 30. Chitaninso chimodzimodzi ndi chikalata chimene komiti ya banki yaikulu imatulutsa ikakumana pa za chiwongoladzanja, ndi chidziwitso cha a MERA akasintha mitengo ya mafuta. Mukachiwerenga, yesani kuchifotokoza m’Chichewa m’mizere isanu kwa munthu wa kunyumba kwanu amene sanapite patali ndi sukulu. Pamene iye wakwinya nkhope ndi pamene inunso simunamvetse.

Mwina abwana adzakana kuti nambala za ufa zituluke, poopa kuti opikisana nawo adziwa za m’nyumba mwawo. Ali ndi ufulu wotero, ndipo musakangane nawo. Apempheni kuti inuyo akuonetseni nambalazo ngakhale simuzilemba, kenako mugwirizane chinthu chimodzi chimene chingatuluke, mwina mtengo wa thumba la ufa wa makilogalamu 50 kwa ogulitsa a pikupiku, umene aliyense wophika mandasi mu Limbe akuudziwa kale. Ndipo musanaike chilichonse pa Facebook, ogulitsa a pa kauntala ndi madalaivala operekera buledi m’magolosale akhale atauzidwa dzulo lake mtengo watsopano ndi chifukwa chake, poti ogula ambiri adzafunsa iwowo, osati inu.